Honda yakale ya amalume: zomwe ndinakonza, zomwe ndinasintha ndi zomwe ndinakana

Njinga yamoto imene ndimayendera ndi Honda CG125 yakale, ya m'gulu lija linkabwera ndi magetsi a 6V ndi mapointi, tizitsulo tija totseguka n'kutseka kuti pulagi ithetheke moto. Inali ya amalume anga. Iwo anali alangizi a zaulimi, ndipo atapuma pa ntchito, maondo atayamba kuwavuta, anaikankhira m'kachipinda kosungiramo chimanga n'kuifunditsa chisaka. Inakhala mmenemo zaka, mpaka makoswe anamanga chisa mu mpando.

Atandipatsa, aliyense anabwera ndi uphungu wake. Anyamata a kabaza a pa siteji yathu anati ndiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ndiwonjezerepo ndalama ndigule yatsopano ya ku China. Mnzanga wina wa kusukulu kumene ndimaphunzitsa anati ndiyambe ndi penti ndi ekizozi yolira bwino, anthu asazindikire kuti ndi gogo. Ndikudziwa kuti m'makomo ambiri muli njinga zotere, zina ma Honda, zina ma Yamaha DT ndi AG ogulidwa pa okushoni, ndipo eni ake alibe ndalama zokonzera zonse nthawi imodzi. Nkhani imakhala yakuti ndalama yoyambayo ipite pati.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi mmene njingayi inabadwira. Mu 1974 akatswiri a kampani ya Honda anayendera maiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kukaona mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga zawo. Anapeza banja lonse pa njinga imodzi, katundu pamwamba pake, oilo wosasinthidwa mpaka kuda bii, fyuluta ya mpweya itatsekeka ndi fumbi. CG125, imene inatuluka mu 1975, anaipangira anthu oterowo, kunena kwake ife tomwe. M'malo mwa tcheni chamkati choyendetsa mavavu anaikamo timitengo tachitsulo tokankha, tija amakaniko amati mapushirodi, ndipo fyuluta ya mpweya anaipanga ya siponji yochapika. Injini zambiri za njinga za ku China zimene zadzadza m'misewu mwathumu zinakopedwa pa injini yomweyi. Ndiye masipeya sasowa, ngakhale kuti si onse oyenera kuwakhulupirira.

Njinga ya amalume ija ndinaipititsa kwa makaniko wina wachikulire pa boma la Dedza. Asanagwire sipanala anapukuta nambala ya injini ndi ya felemu, n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, mapepala ali m'dzina la ndani?"

"M'dzina la amalume, madala."

"Ndiye yambani ndi amalumewo akadali ndi mphamvu zokasaina ku Road Traffic. Njinga yopanda mapepala, ingalire bwino chotani, imayenda njira za m'minda zokhazokha."

Kenako anagwada n'kuyamba kufufuza ming'alu pa felemu: pansi pa khosi pamene pamazungulira mahandulo, pamene pamamangidwa zopondera, ndi pomangira mashoko a kumbuyo. Felemu yong'aluka pakhosi kapena yopindika, anatero, si yotayirapo ndalama. Yanga inali bwino. Atatero anamasula pulagi, anatseka bowo ndi chala chachikulu, n'kundiuza kuti ndikike. Mpweya unakankha chalacho mwamphamvu kuti phwa. "Injiniyi musaitsegule, ikadali ndi moyo." Zonsezi sizinadye tambala, koma ndi zimene zimakuuzani ngati njingayo ndi yokonzeka kapena yophwasula masipeya.

Ntchito yeniyeni inayambira ku thanki. Titatsegula chivindikiro, fungo silinali la petulo ayi, linali la vanishi, ndipo pansi panali dzimbiri lokhalokha. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Njinga yoyenda tsiku lililonse siona vuto, koma ikaima nthawi yaitali ethanol amakoka chinyezi, madzi n'kukhazikika pansi pa thanki, komanso amaumitsa mapaipi akale a labala. Tinachotsa thankiyo, tinathiramo manati akale odzadza dzanja ndi palafini pang'ono, n'kumaikhutchumula mpaka zinyalala zitasiya kutuluka. Tinaidzadza viniga n'kuisiya igone, m'mawa kutsuka, kuumitsa padzuwa, n'kuthiramo petulo tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chotsukidwa chotero sichichedwa kuchitanso dzimbiri. Ngati yanu yabooka, musalole wowotcherera ailozetse moto isanatsukidwe bwinobwino. Thanki imene yatha petulo koma mpweya wake ukadali mkati ndi imene imaphulika.

Pa paipi yopita ku kabuleta ndinaikapo kafyuluta kapulasitiki koonekera mkati. Ndi kotsika mtengo, koma ndi kamene kamandisunga nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene tonse timagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu osadziwa kuti chigubucho dzulo chinasunga chiyani.

Kabuleta ambiri anati tingotaya, zatsopano zilipo. Koma yakaleyo inali yeniyeni ya kampani ya Keihin, ndipo madala anakanitsitsa. Anaiphwasula pa chinsalu choyera, anaviika zitsulo zake, n'kutsegula majeti, timabowo todutsa petulo tija, ndi mpweya wa pampu ndi kaulusi kamodzi ka kopa kosomola mu waya wa magetsi. Singano kapena waya wachitsulo amakulitsa bowo, ndipo kuyambira pamenepo njinga imamwa petulo osaleka. Kajeti kakang'ono ndi kamene kamayamba kutsekeka. Mukaona njinga ikulira pokhapokha choko ili yokoka, kapena ikuthima mukangosiya moto, yang'anani kameneko musanagule china chilichonse. Pansi pa kabuleta palinso kasikuluwu kotulutsira madzi ndi zinyalala. Nthawi ya dzinja ndimakamasula kawirikawiri, ndipo njinga ikati iime milungu ingapo ndimatseka mpopi wa petulo n'kukhuthula yense wa m'kabuleta.

Pa oilo ndi pamene ndichedwepo, chifukwa ndi pamene njinga zambiri zakale zimafera. Injini ya CG imalowa oilo wosapitirira lita imodzi. Oilo wochepa chotereyu ndi amene akuzizitsa injini, kufewetsa magiya, komanso kilachi imasambira mmenemo. N'chifukwa chake si oilo aliyense woyenera. Wa galimoto wina amakhala ndi mankhwala oterera kwambiri amene amachititsa kilachi kuphonya: mukupereka moto, injini ikukuwa, koma njinga osathamanga. Pa botolo muziyang'ana mawu akuti JASO MA. Ine ndimathira 20W-50 chifukwa injini ndi yakale ndipo kumatentha. Oilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa, wosadziwika kumene wachokera, sindimuyandikira. Poyeza, njinga iime chilili, kandodo koyezera mukapukute n'kungokakhazika pakamwa osakamanga, kenako mukatulutse. Mukakamanga kaye, kamakunamizani kuti oilo ndi wokwanira.

Ambiri amangokhuthula oilo wakale n'kuthira watsopano, osadziwa kuti injini imeneyi ili ndi zosefera ziwiri. Choyamba chili m'munsi kumanzere: mukamasula chitsekero chachikulu chija mumatuluka sipuling'i ndi kasefa ka waya. Kameneko kachapeni ndi palafini nthawi iliyonse mukusintha oilo, ndipo muone zimene kagwira. Tizitsulo tonyezimira tochuluka ndi uthenga woipa. Chachiwiri chili mkati, kuseri kwa chivindikiro cha kumanja kumene kuli kilachi. Ndi kambale kozungulira ndi injini, kamene kamaponyera litsiro m'mbali mwake. Madala atatsegula ka njinga yanga anapeza dothi lakuda louma gwa, lochita kupala ndi sikuludilaiva, ndipo anandionetsa padzanja. "Ichi chakhala chikuunjikana kuyambira amalume anu ali mnyamata." Kambaleka kakadzadza kamaleka kusefa, litsiro lonse n'kumazungulira m'mabering'i. Kutsegulako kumafuna gasiketi yatsopano, ndiye si ntchito ya mwezi uliwonse, koma njinga yakale imene simudziwa mbiri yake iyambire pamenepo.

M'misewu ya fumbi ngati yathu ndimasintha oilo ndikayenda makilomita pakati pa 1,000 ndi 1,500. Kuti ndizidziwa mtundawo ndinagula kebulo ya sipidomita, kanthu kamene ambiri amakaona ngati kongokometsera.

Mavavu anachunidwa injini ili yozizira, chizindikiro cha T pa fulaiwilo, gudumu lachitsulo lozungulira ndi injini lija, chitalunjika, mpata wake 0.08 mm mbali zonse ziwiri. Amakaniko ambiri amachuna ndi khutu, ndipo eni njinga amasangalala injini ikakhala duu. Koma vavu yomangika kwambiri sitseka bwino ikatentha, imapsa, ndipo njinga imayamba kuvuta kuliza. Kaphokoso kakang'ono ka tiki tiki sikoopsa. Ndinagula timasamba tachitsulo toyezera mpata, ndipo ndimapita nato ndekha kwa makaniko. Pulagi ndi NGK D8EA, mpata wake pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Mukaimasula muione nsonga: yofiirira ndiye kuti zonse zili bwino, yakuda mwaye ndiye petulo wachuluka kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka, yonyowa oilo ndiye maring'i kapena mavavu atopa, yoyera mbee ndiye petulo wachepa ndipo injini ikutentha mopyola. Kuno ku Dedza tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye njinga yochunidwa ku Salima kapena ku Mangochi ikafika kuno imatha kudetsa pulagi popanda chimene chawonongeka.

Fyuluta ya mpweya inali itafumbwa yonse. Yatsopano ndimaichapa ndi palafini, kuiumitsa, kuinyowetsa oilo pang'ono n'kuifinya. Oiloyo ndi amene amagwira fumbi, siponji youma imangolidutsitsa. Amene amachotseratu fyuluta kuti njinga izilira mokweza, mwezi wa Okutobala umodzi ndi wokwanira kuwadyera maring'i.

Injini italira, mtima unkafuna ndingonyamuka. Madala anati ayi, kuima kuyambe, kuthamanga pambuyo. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti akudziwa chimene ankatanthauza. Mabuleki a CG yakale ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo mukawagwirira mtunda wautali amatentha n'kuyamba kuterera. Pa chitsikiro chotere njinga ikhale m'giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira, mabuleki muzigwira n'kusiya. Chizolowezi chothimitsa injini potsika kuti musunge petulo ndi chimene ndimadana nacho kwambiri pa anyamata a kabaza. Petulo amene mwasungayo sadzadza ngakhale kapu, koma mwasiya moyo wanu ndi wa wokwera pa timashuzi tiwiri totentha.

Tinasintha mashuzi onse, tinapukuta madilamu ndi sandipepa, n'kupaka girisi pang'ono pa kachitsulo kotembenuka kamene kamatambasula mashuzi, kusamala kuti asafike pamene pamagwira. Pali chinyengo china chofala. Mashuzi akatha, ena amazula kamkono ka buleki n'kukasunthira mano angapo kuti buleki igwirenso. Imagwiradi, koma kachitsulo kotembenuka kaja kamayenda mopitirira malire ndipo tsiku lina kamatha kukanirira, tayala n'kuuma muli pa liwiro. Mashuzi akatha agulidwe ena basi. Makebulo a buleki ya kutsogolo, kilachi ndi moto ndinasintha onse, ngakhale amene ankaoneka abwino, chifukwa amadukira mkati mosaoneka.

Tcheni ndi masiporoketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa, ndipo kudula mfundo pa tcheni chotamuka ndi kungozengereza tsoka. Cha CG ndi nambala 428. Chikhale ndi mpata wosewera wa masentimita awiri pakati, ndipo kapini kotsekera mfundo yolumikizira kayang'anitse mutu wake wotseka kumene tcheni chikulowera. Ndimachipaka oilo wa magiya wa 90, osati oilo wakuda wochoka mu injini. Chikopa chachitsulo chotchinga tcheni anyamata amachichotsa ati chimakalambitsa njinga, koma m'fumbi ndi m'matope chimenecho ndicho chimatalikitsa moyo wa tcheni. Apa ndinasinthapo kanthu kamodzi dala: siporoketi ya kumbuyo ndinaika ya mano ochulukirapo pang'ono. Pa M1 liwiro latsikako, koma zitunda za kwathu ndimakwera ndi thumba la feteleza kumbuyo osaotcha kilachi.

Matayala anali ndi mano ndithu, koma m'mbali anali atang'ambikang'ambika. Tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. M'mbali mwake mumakhala manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Muziona zimenezi ngakhale pogula latsopano m'sitolo. Mabering'i a mawilo musagule potchula dzina la njinga. Chotsani lakale, muwerenge nambala yodindidwa pa ilo, mukagule nambala yomweyo la mtundu wotsekedwa mbali zonse, lolembedwa 2RS. Masipoko agogodeni ndi sipanala limodzilimodzi. Lomangika limalira ngwee, lomasuka limangoti phu.

Kusintha kwakukulu kumene ndinachita, ndipo sindidandaula nako, ndi kwa magetsi. Nyale ya 6V usiku inkangoonetsa kuti kukubwera njinga, osati kundionetsa msewu. Mababu ndi mabatire a 6V akusowanso m'masitolo, ndipo mapointi amafuna kupala ndi kuchuna pafupipafupi. Njingayo tinaisamutsira ku 12V ndi CDI, kabokosi kamagetsi kolowa m'malo mwa mapointi, pogwiritsa ntchito zipangizo za njinga za ku China zija. Si kungosintha batire ayi. Pamafunika makoilo a mkati mwa magineto ndi fulaiwilo yake, regulator, CDI, koilo ya pulagi, batire, mababu onse, hutala ndi kabokosi kophethiritsa maindiketa. Chovuta kwambiri ndi fulaiwilo, chifukwa bowo lake liyenera kukhala ndendende pa shafiti ya injini yanu. Ndinanyamula yakale m'chikwama kupita nayo ku Malangalanga ku Lilongwe n'kumayerekeza sitolo ndi sitolo mpaka nditapeza yogwirizana, ndipo ndinapangana ndi wogulitsa kuti ikakana ndibweza. Zakale zonse ndinasunga m'katoni.

Mawaya akale anali olumikizalumikiza ndi mapepala apulasitiki a shuga. Tinaika atsopano onse ndi fyuzi yeniyeni. Fyuzi ikapsa pali chifukwa, ndipo kuimanga ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kuitana moto pansi pa thanki. Za babu la LED dziwani ichi: pa njinga zambiri za mtundu uwu nyale ya kutsogolo imatenga magetsi molunjika kuchokera ku magineto, osadzera ku batire. LED ikalumikizidwa pamenepo imaphethira kapena kupsa msanga. Yanga tinaidzeretsa ku batire, kudzera pa kiyi ndi fyuzi. Potchajira foni tinachitanso chimodzimodzi, kuti kiyi ikazimitsidwa pasakhale chodya batire usiku. Ndipo nyaleyo muiweramitse. LED yoloza m'mwamba imathobwa m'maso mwa amene mukukumana naye, ndipo iyeyo ndi amene angakugundeni.

Tsopano zimene ndinakana. Anthu ambiri anandiuza kuti ndiike bulooko ya injini ya 150cc. Pisitoni ya CG125 ndi ya 56.5 mm, ya 150 ndi ya 62 mm, ndipo mphamvu imawonjezekadi. Koma kilachi, mabuleki ndi felemu zimakhala zomwe zija zakale, kabuleta iyenera kuchunidwanso, ndipo petulo amapita wambiri. Palinso za malamulo: laisensi ya A1 ndi ya njinga yosapitirira 125cc, kupitirira apo pamafunika ya A, ndipo njinga imene sikugwirizana ndi mapepala ake ikhoza kukuvutitsani pa COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena kwa a inshuwalansi tsiku la ngozi. Injini yanga ikadzayamba kufuka utsi ndidzangoiboola pang'ono. Mapisitoni okulirapo amabwera m'masitepe a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm, ndiye bulooko imodzi imatha kukonzedwa kangapo isanatayidwe. Ekizozi yaphokoso ndinakananso. Siwonjezera mphamvu yooneka, imasokoneza kachunidwe ka kabuleta, ndipo ine ndimanyamuka m'mamawa anthu akugona. Buleki ya disiki kutsogolo ndimaisirira, koma imafuna kusintha mafoloko, wilo ndi handulo yake, ndipo ntchito yotere ikachitika mwachidule ndi yoopsa kuposa dilamu yosamalidwa bwino.

Pa masipeya ndinafika poona chonchi. Magasiketi, makebulo, magalasi, maindiketa, zopondera, ngakhale CDI, za ku China zimagwira ntchito, ndipo zikafa simulira kwambiri. Koma pisitoni, maring'i, mavavu, mabering'i, mashuzi a mabuleki, tcheni ndi matayala ndimadikira mpaka ndalama ikwane ndigule zabwino. Bokosi lolembedwa dzina la kampani yotchuka si umboni, mabokosi amasindikizidwa paliponse. Gwirani chitsulocho, muchiyerekeze ndi chakale kulemera kwake ndi kusalala kwake. Ndipo chitsulo choyambirira cha njingayo chimene chingakonzeke musachisiye kwa makaniko. Pali ena amene amakuuzani kuti chatha, mawa n'kuchipeza pa njinga ya wina.

Penti mpaka lero sindinapake. Nditafunsa za iyo tsiku loyamba lija, madala anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, aphunzitsi, mkati muli nyerere," n'kupitiriza kumasula thanki. Mpando ndinakasoketsa kwa wosoka mipando ya minibasi, ndipo keriya ya kumbuyo anandiwotcherera yolimba, yomangidwa ndi mabauti pa malo ake akale, osati yowotchereredwa pa felemu. M'kabokosi ka m'mbali mumakhala pulagi yapadera ndi sipanala yake, kebulo ya kilachi, mfundo yolumikizira tcheni, mafyuzi, zigamba ndi guluu, ndipo pampu ndimamangirira pa keriya. Chatsala ndi mashoko a kumbuyo, amene ayamba kugunda pansi ndikakweza munthu pa mabampu. Amenewo akudikira ndigulitse mbatata za kudimba.